BAMBO HEINRICH NORDHOFF, MUNTHU AMENE ADADZUTSA FAKITALE YA VOLKSWAGEN

Inu amene mwaona zaka zambiri mukukumbukira kagalimoto kozungulira msana ngati kamba, kamene injini yake idali kumbuyo ndipo sikankamwa madzi. Kankayenda m'miseu yafumbi ndi yamatope ya kuno kwathu monganso m'maiko ena ambiri a mu Africa. Angerezi adakatcha Beetle, ndiko kunena kuti chikumbu. Mbale wake wamkulu, wooneka ngati bokosi, ankatchedwa Kombi, ndipo dzinalo lidakhazikika kotero kuti ku Zimbabwe ndi ku South Africa anthu adazolowera kutcha minibasi iliyonse kombi, ngakhale idapangidwa ndi kampani ina. Magalimoto onsewa adachokera ku kampani ya Volkswagen ya ku Germany. Koma ndi ochepa amene adziwa kuti pakutha pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kampaniyo idali pafupi kufa, ndi kuti eni chuma a ku Britain ndi a ku America adaikana. Munthu amene adailandira ili m'mabwinja naiyendetsa zaka 20 ndiye Bambo Heinrich Nordhoff, injiniya, ndiponso Mkhristu wa Eklezia Katolika. Pa moyo wao pali zowala ndi zamdima, ndipo tifotokoza zonse ziwiri, pakuti nkhani ya munthu ikabisa zilema zake siiphunzitsa kanthu.

Ubwana ndi maphunziro

Heinrich Nordhoff adabadwa pa 6 Januwale 1899 mumzinda wa Hildesheim, kumpoto kwa Germany, mzinda wakalekale umene udakhala likulu la dayosizi m'chaka cha 815. Adali wachiwiri mwa ana atatu aamuna. Bambo ake adali munthu wa ntchito za banki, koma bankiyo idagwa, ndipo m'chaka cha 1911 banja lonse lidasamukira ku Berlin kukayambanso moyo. Motero mwanayo adaona ndi maso ake, asanakule, kuti chuma sichichedwa kuthawa m'manja mwa munthu.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adalembedwa usilikali akali mnyamata, ndipo adavulala. Atachira adalowa sukulu yaikulu ya zaumisiri ku Charlottenburg, mu Berlin momwemo, natsiriza maphunziro a makina m'chaka cha 1927. Akatolika adali ochepa mumzindamo, ndipo iye adalowa bungwe la ophunzira Achikatolika lotchedwa Askania-Burgundia. Ntchito yake yoyamba idali ku kampani ya BMW ku Munich, kumene ankakonza mainjini a ndege. M'chaka cha 1929 adapita ku kampani ya magalimoto ya Opel, chaka chomwecho chimene kampani yaikulu ya ku America, General Motors, idagula gawo lalikulu la Opel. Chaka chotsatira adakwatira Charlotte Fassunge, ndipo Mulungu adawadalitsa ndi ana awiri aakazi.

Ku Opel sadawaike pa ntchito yotchuka ai. Adawapatsa chigawo chosamalira anthu amene adagula kale magalimoto, ndipo ankalemba timabuku tolangiza amakaniko kakonzedwe ka galimoto ikaonongeka. Pamenepo adaphunzira chinthu chimene adachisunga moyo wao wonse, chakuti malonda a galimoto satha tsiku limene munthu wapereka ndalama. Mwini galimoto akasowa chitsulo chosinthira kapena makaniko wodziwa ntchito, sadzabweranso, ndipo adzauza anansi ake onse. Adapitanso ku America kangapo kukaona m'mene eni kampani ankapangira magalimoto ochuluka ndi m'mene ankawerengera mtengo wa kanthu kalikonse, ngakhale kamsomali.

Nthawi ya nkhondo

M'chaka cha 1942, nkhondo yachiwiri ili pakati, Bambo Nordhoff adaikidwa kukhala mkulu wa fakitale ya malole ya Opel ku Brandenburg, imene idali yaikulu koposa mafakitale onse a malole mu Europe. Malole ake, otchedwa Opel Blitz, ankapita kwa asilikali a Hitler. Popeza amuna a Chijeremani adali ku nkhondo, ambiri mwa antchito adali alendo ochokera ku maiko ogonjetsedwa, amene adagwidwa kwao nakakamizidwa kugwira ntchito. Makolo athu amene adalawa thangata akadaizindikira ntchito imeneyo, koma iyi idaposa thangata kuipa kwake, chifukwa anthuwo ankasungidwa m'misasa, kutali ndi kwao, ndipo sadali ndi ufulu wochoka.

Bambo Nordhoff sadalowe chipani cha Nazi, ndipo zimenezo n'zoona. Komanso n'zoona kuti adayendetsa bwino fakitale yothandiza nkhondo yosalungama, ndi kuti boma la Nazi lidawapatsa dzina laulemu limene linkapatsidwa kwa akuluakulu a mafakitale a zankhondo. Mu Ogasiti 1944 ndege zidaphulitsa fakitaleyo, ndipo nkhondo itatha asilikali a ku Russia adanyamula makina otsala kupita nao kwao.

Pamenepo dzina laulemu lija lidasanduka mlandu. Akuluakulu a ku America, amene ankalamulira chigawo chimene mudali likulu la Opel, adawaletsa kukhalanso mkulu wa kampani iliyonse m'chigawo chao. Munthu amene ankalamula antchito zikwizikwi adatsala wopanda ntchito ali ndi zaka 46, ali ndi mkazi ndi ana oti awadyetse m'dziko la njala. Potsiriza adapeza kantchito ku Hamburg, m'chigawo cha Angerezi, kwa munthu wina wogulitsa ndi kukonza magalimoto a Opel.

Fakitale yopanda mwini

Tsopano tiyambe taona fakitale imene inkawadikira. Adolf Hitler adalonjeza Ajeremani galimoto yotsika mtengo yoti banja lililonse ligule, ndipo dzina lakuti Volkswagen litanthauza galimoto ya anthu wamba. Mmisiri Ferdinand Porsche ndiye adaikonza, ndipo pa 26 Meyi 1938 Hitler adaika mwala wa maziko a fakitale pafupi ndi Fallersleben. Mwini fakitale adali bungwe la antchito la chipani cha Nazi, limene m'chaka cha 1933 lidalanda chuma cha mabungwe enieni a antchito. Mtengo wa galimoto udati ukhale ma Mark 990, ndipo anthu adauzidwa kuti azipereka ma Mark 5 sabata iliyonse namata masitampa m'kabuku. Anthu oposa 330,000 adapereka ndalama zao, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adalandira galimoto.

Nkhondo itabuka fakitaleyo idayamba kupanga magalimoto a asilikali ndi zida zina. Anthu pafupifupi 20,000 adagwiramo ntchito mokakamizidwa, ena mwa iwo akaidi ochokera ku ndende zozunzirako anthu, ndipo makanda oposa 300 a amai ogwidwawo adafera m'nyumba imene fakitale inkawasungiramo. Bambo Nordhoff sadali komweko masiku amenewo, koma ndiyo nyumba imene adadzailowa. M'chaka cha 1944 mabomba adagumula mbali yaikulu ya nyumba zake.

Nkhondo itatha, mzinda wa antchito udapatsidwa dzina latsopano lakuti Wolfsburg, ndipo udagwa m'manja mwa Angerezi. Mu Ogasiti 1945 adatumizako msilikali wa zaka 29, Major Ivan Hirst. Iyeyu adapeza galimoto imodzi yabwino, naipaka utoto wobiriwira wa asilikali, nakaionetsa kwa akuluakulu ake, amene ankasowa magalimoto. Ndipo iwo adaitanitsa 20,000. Chimenechi ndicho chidapulumutsa makina kuti asapasulidwe. M'chaka cha 1945 adapanga magalimoto 1,785, ndipo m'chaka cha 1946 pafupifupi 10,000. Koma m'chaka cha 1947 chiwerengero chidatsika, chifukwa kudazizira koopsa, malasha adasowa, ndipo ntchito idaima milungu ingapo. Madenga ankadontha, antchito adali anjala, zitsulo zinkapezeka movutikira. Sir William Rootes, mkulu wa mafakitale a magalimoto ku Britain, adaiona galimotoyo naipeputsa kuti njoipa maonekedwe ndi yaphokoso. Major Hirst adadziwa kuti Angerezi sadzakhalitsa, choncho adafunafuna Mjeremani wodziwa ntchito. Adamva za Bambo Nordhoff, ndipo popeza Angerezi sadawaone olakwa monga adawaonera a ku America, adawaika kukhala mkulu wa fakitale yonse kuyambira pa 1 Januwale 1948.

Ntchito iyamba

Mu Malichi chaka chomwecho kudali msonkhano ku Cologne, kumene Angerezi adafuna kupereka fakitale kwa Henry Ford wachiwiri, mdzukulu wa Ford wamkulu uja. Ford ndi alangizi ake adakana. Chimodzi mwa zimene zinkaopsa anthu n'chakuti Wolfsburg adali pa mtunda wochepa chabe kuchokera ku malire a chigawo cholamulidwa ndi Russia. Motero fakitale idatsala ngati mwana wamasiye, yopanda mwini ndi yopanda wofuna kuitenga.

Bambo Nordhoff sadachedwe. Miyezi yoyamba ankagona m'kachipinda pafupi ndi ofesi yao, banja lao lili kwina. Antchito adali ngati 8,000, ambiri a iwo othawa kwao kuchokera kum'mawa ndi asilikali obwerako ku nkhondo, anthu osadziwa ntchito ya magalimoto, amene ankalowa lero nachoka mawa. Iwo adawasonkhanitsa nawauza poyera kuti galimoto imodzi inkadya maola mazana angapo a ntchito, kuti maolawo ayenera kutsika kufika pa 100, ndi kuti palibe wina wochokera kunja amene adzawapulumutse. Adakhazikitsa kawerengedwe ka ndalama monga adaphunzirira ku General Motors, pakuti adapeza kuti panalibe munthu wodziwa bwino mtengo weniweni wa galimoto imodzi. Adachulukitsa anthu oyesa ntchito, nawapatsa mphamvu yobweza chilichonse chosapangidwa bwino.

Pa 20 Juni 1948 kumadzulo kwa Germany kudalowa ndalama zatsopano, zotchedwa Deutsche Mark. Ndalama itakhalanso ndi mphamvu, katundu adatuluka m'malo mobisika, ndipo malipiro adayamba kukhala ndi tanthauzo. Chaka chimenecho fakitale idapanga magalimoto oposa 19,000, m'chaka cha 1949 oposa 46,000, ndipo m'chaka cha 1950 pafupifupi 90,000. Mu Okutobala 1949 Angerezi adapereka fakitale m'manja mwa boma latsopano la West Germany, ndipo boma la chigawo cha Lower Saxony ndilo linkaiyang'anira.

Pano tiyenera kukumbukira kuti mutu umodzi susenza denga. Ngakhale nyumba zidagumuka, makina ambiri adapulumuka. Major Hirst adali atayamba kale kukonza za ogulitsa ndi amakaniko, ndipo magalimoto oyamba ogulitsidwa kunja adapita ku Netherlands m'chaka cha 1947, Bambo Nordhoff asanafike. Opel, imene ikadalimbana nao, idalandidwa makina opangira galimoto yake yaing'ono ndi asilikali a ku Russia. Ndiponso umasiye uja udasanduka mwai: popeza panalibe eni masheya ofuna kugawana phindu, pafupifupi ndalama zonse zinkabwerera m'fakitale kukagula makina ndi kumanga nyumba zatsopano. Nzeru ya Bambo Nordhoff idali yakuti adauona mwaiwo ndipo sadauononge.

Galimoto imodzi yokha

Iwo eni poyamba sankaikonda galimotoyo, pakuti adachokera ku Opel, kumene ankaiseka. Adaona kuti ili ndi zilema zambiri, koma adaonanso kuti maziko ake adali olimba. Injini yake inkazizira ndi mpweya, choncho sinkawira padzuwa ndipo sinkauma pachisanu. Ndipo popeza kulemera kwa injini kudali pa matayala akumbuyo, galimotoyo sinkatitimira msanga mumchenga kapena m'matope. Chifukwa chake adatsimikiza mtima kuti sadzapanga mitundu yambiri ya magalimoto, koma adzakonza imodzi yomweyo chaka ndi chaka.

Ku America makampani ankasintha maonekedwe a galimoto chaka chilichonse kuti ya chaka chatha ioneke yakale ndipo mwini wake achite nayo manyazi. Bambo Nordhoff adakana mchitidwe umenewo. Adasintha zimene zinkathandiza woyendetsa: mabuleki amphamvu m'chaka cha 1950, zenera lakumbuyo losagawika m'chaka cha 1953 ndi lalikulu m'chaka cha 1957, injini yamphamvu m'chaka cha 1954 ndi m'chaka cha 1960. Kunja galimoto inkaoneka ngati yomwe ija, koma m'kati zinthu mazanamazana zinkasanduka zatsopano. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Phunziro lija la ku Opel adaligwiritsa ntchito mwamphamvu. Sankalola kuti magalimoto agulitsidwe m'dziko limene mulibe zitsulo zosinthira ndi amakaniko ophunzitsidwa. Mitengo ya kukonzetsa idalembedwa poyera kuti mwini galimoto asaberedwe. Injini ikatha, munthu ankatha kuisiya nalandira ina yokonzedwanso ku fakitale pa mtengo wotsika. Woyendetsa amene adakwanitsa makilomita 100,000 popanda kukonzetsa injini kwakukulu ankalandira wotchi ngati mphatso. M'chaka cha 1950 adaonjezapo Kombi ija, imene maganizo ake adachokera kwa Ben Pon, wamalonda wa ku Netherlands. Ndipo idagulidwa kwambiri kotero kuti m'chaka cha 1956 adaimangira fakitale yakeyake ku Hanover.

Kufalikira m'maiko

Dziko la Germany linkasowa ndalama zakunja zogulira makina ndi chakudya, ndipo Bambo Nordhoff adadziwa kuti fakitale yaikulu chotero siingakhale ndi moyo pogulitsa kwao kokha. Ku America chiyambi chidali chomvetsa chisoni, pakuti m'chaka cha 1949 adagulitsako magalimoto 2 okha. Anthu ankaiona ngati galimoto ya Hitler. Koma iwo sadataye mtima. Adatsegula nthambi ku Canada m'chaka cha 1952, ku Brazil m'chaka cha 1953, ndi ku United States m'chaka cha 1955. Ku South Africa magalimotowo adayamba kulumikizidwa m'chaka cha 1951 ku Uitenhage, mzinda umene m'chaka cha 2021 udapatsidwa dzina lakuti Kariega, ndipo m'chaka cha 1956 Volkswagen idagula gawo lalikulu la fakitale ya kumeneko. Ku Mexico fakitale ya Puebla idatsegulidwa m'chaka cha 1967.

Pa 5 Ogasiti 1955 ku Wolfsburg kudali chikondwerero chachikulu, pamene idatuluka galimoto ya nambala 1 miliyoni, yopakidwa utoto wagolide. Chaka chomwecho mzinda udawapatsa Bambo Nordhoff ulemu wa nzika yolemekezeka. Pofika m'chaka cha 1968, anthu a ku United States, amene poyamba adagula 2 okha, ankagula ma Beetle pafupifupi 400,000 pachaka. Kagalimoto konyozeka kaja kadasanduka chizindikiro cha kudzuka kwa dziko lonse la West Germany.

Bambo Nordhoff ndi antchito ao

Apa ndipo pali mfundo yotikhudza ife Akhristu. Apapa Leo XIII m'kalata yao Rerum Novarum ya 1891, ndi Apapa Pio XI m'kalata yao Quadragesimo Anno ya 1931, adaphunzitsa kuti wantchito sali chida, kuti malipiro ake ayenera kukwanira kusunga banja, ndi kuti n'kwabwino kuti alandireko gawo la phindu limene manja ake abweretsa. Bambo Nordhoff adakula m'nthawi imene chiphunzitsocho chinkamveka kwambiri pakati pa Akatolika a ku Germany, ndipo zambiri zimene adachita zigwirizana nacho. Malipiro a ku Volkswagen adali okwera kuposa a m'mafakitale ena a m'chigawocho. Antchito ankalandira mphatso ya ndalama chaka chikayenda bwino, padali thumba la penshoni, ndipo kampani idamanga nyumba zambiri za mabanja ao. Iwo eni ankaima kawirikawiri pamaso pa antchito onse nawafotokozera m'mene zinthu zikuyendera. Pa zaka zonse 20 ntchito siidaime chifukwa cha sitiraka yaikulu.

Mzinda wa Wolfsburg udamangidwa ndi boma la Nazi wopanda tchalitchi chatsopano. M'chaka cha 1951 Akatolika adadalitsa tchalitchi chao, nachipereka kwa Khristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo ndi oyendetsa magalimoto. Parishiyo ili mu dayosizi ya Hildesheim, yomwe ija imene Bambo Nordhoff adabadwiramo, ndipo ndiko ankapemphera.

Komabe ubwino wao udali ubwino wa mfumu. Ankapereka mowolowa manja, koma mau otsiriza adali ao okha, ndipo sankakonda kutsutsidwa. N'chifukwa chake anthu adawapatsa dzina lakuti Mfumu Heinrich. Apapa Yohane XXIII, m'kalata yao Mater et Magistra ya 1961, adanenetsa kuti antchito ayenera kukhalanso ndi liu pa kayendetsedwe ka ntchito yao, osati kungomvera chabe. Pa mfundo imeneyi Bambo Nordhoff adatsalira m'mbuyo. Ndiponso antchito atayamba kusowa, kampani idaitanitsa anthu zikwizikwi a ku Italy kuyambira m'chaka cha 1962, koma idawagoneka m'nyumba zamatabwa m'kati mwa mpanda, kutali ndi akazi ndi ana ao. Ife a kuno, amene abale athu adapita ku migodi ya ku Johannesburg nasiya mabanja ao kumudzi, tidziwa kuwawa kwa moyo wotere ngakhale malipiro akhale abwino.

Mlandu suola

Anthu aja amene adamata masitampa m'timabuku sadaiwale ndalama zao. Adapita ku khoti, ndipo kampani idalimbana nao zaka zoposa 10, ponena kuti ndalamazo adazilandira ndi a chipani cha Nazi, osati iyo. Mlandu udatha m'chaka cha 1961, pamene adagwirizana kuti aliyense amene adadzaza kabuku kake achotseredwe ma Mark 600 pogula galimoto yatsopano, kapena alandire ma Mark 100 m'manja. Chaka chomwecho funso la mwini fakitale lidayankhidwa: magawo 60 mwa 100 adagulitsidwa kwa anthu wamba ngati masheya ang'onoang'ono, boma lalikulu lidasunga 20, ndipo boma la Lower Saxony 20. Ndalama zopezeka pamenepo zidakhazikitsa thumba lothandiza maphunziro apamwamba lotchedwa Volkswagen Foundation.

Koma padali ngongole ina yaikulu imene siidalipidwe m'masiku a Bambo Nordhoff, ndiyo ya anthu ogwira ntchito mokakamizidwa aja. Iwo ankakonda kunena za fakitale ngati kuti mbiri yake idayamba m'chaka cha 1948, ndipo ngakhale ntchito ya Major Hirst ndi anzake sankaitchula mokwanira. Za ozunzidwa aja kudali chete. Padapita zaka zambiri iwo atamwalira kufikira pamene kampani idalola akatswiri a mbiri yakale kufufuza zonse. Buku la Hans Mommsen ndi Manfred Grieger lidatuluka m'chaka cha 1996, ndipo m'chaka cha 1998 kampani idakhazikitsa thumba lopepesera otsala amoyo. Pamenepo n'kuti ambiri atagona kale m'manda osalandira kanthu.

Masiku otsiriza

Nzeru imene idadzutsa fakitale ndi yomwenso idayamba kuigwetsa. Ajeremani atalemera adayamba kufuna magalimoto aakulu, achete ndi othamanga, ndipo Opel ndi Ford adawapatsa zimenezo. Amisiri a ku Wolfsburg adakonza mitundu yatsopano makumi angapo yoti ilowe m'malo mwa Beetle, koma Bambo Nordhoff ankaiyang'ana naitsekera m'nkhokwe. Ngakhale galimoto yokulirapo imene adatulutsa m'chaka cha 1961 idali ndi injini yakumbuyo yozizira ndi mpweya, monga yakale ija. Amene ankawachenjeza sankamvedwa, pakuti n'kovuta kutsutsa munthu amene zake zakhala zikuyenda bwino zaka zambiri. Adaiwala kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

M'zaka za 1966 ndi 1967 chuma cha West Germany chidabwerera m'mbuyo. Magalimoto adaunjikana osagulidwa, ndipo masiku ena antchito ankauzidwa kukhala kunyumba. Nduna ya zachuma, Franz Josef Strauss, idadzudzula kampani poyera kuti yagona tulo. Zimenezi zidawapweteka kwambiri Bambo Nordhoff, ndipo m'chaka cha 1967 adadwala nthenda ya mtima. Kurt Lotz adasankhidwa kuti adzalowe m'malo mwao, koma iwo sadafike tsiku lopuma pa ntchito. Adamwalira ku Wolfsburg pa 12 Epulo 1968, limene lidali tsiku la Lachisanu Loyera, ali ndi zaka 69. Antchito zikwizikwi adadutsa pafupi ndi bokosi lao m'fakitale, Misa ya maliro idachitikira m'tchalitchi cha Khristofa Woyera, ndipo mtembo udanyamulidwa m'miseu ya mzinda pa galimoto ya kampani yao yomwe. Adalandira antchito ngati 8,000, nasiya oposa 100,000.

Zotsatira zake

Pa 17 Febuluwale 1972 idatuluka Beetle ya nambala 15,007,034, nipitirira chiwerengero cha galimoto yotchuka ya Ford yotchedwa Model T. Koma masiku ake adali atatha, ndipo m'chaka cha 1974 kampani idataya ma Mark oposa 800 miliyoni. Chipulumutso chidachokera kumene Bambo Nordhoff sankayembekeza. M'zaka za 1964 ndi 1965 adagula kampani ya Auto Union, imene idabala magalimoto a Audi, ndipo poyamba adagwiritsa ntchito fakitale yake ya ku Ingolstadt kupangiramo ma Beetle ena. Koma amisiri a kumeneko ankadziwa kupanga magalimoto a injini yakutsogolo yozizira ndi madzi, ndipo nzeru zao ndizo zidatsegula njira ya Passat m'chaka cha 1973 ndi Golf m'chaka cha 1974. Beetle yotsiriza idapangidwa ku Puebla pa 30 Julayi 2003, chiwerengero chonse chitapitirira 21 miliyoni.

Tsono inu akatekisiti ndi akuluakulu a mpingo, amene mwapatsidwa kusunga zinthu zosakhala zanu, lingalirani za munthu uyu. Fakitale siidali yake, komabe adaisamala ngati yake, monga wantchito wokhulupirika wa m'fanizo la matalente, ndipo mabanja osawerengeka adadya chifukwa cha khama lake. Adakhulupirira kuti chinthu chopangidwa bwino ndi malonda opanda chinyengo ndiwo ulemu woyenera kwa munthu wogula. Zimenezi tizitsanzire. Koma luso pa ntchito silichotsa funso lakuti ntchitoyo ikutumikira yani, ndipo malole a ku Brandenburg adapangidwa mwaluso lomwelo. Ndiponso udindo ukakhalitsa m'manja mwa munthu mmodzi, makutu ake amayamba kugontha, kaya ndi m'fakitale kaya ndi m'parishi.

Mlandu wa mtima wa Bambo Nordhoff uli m'manja mwa Mulungu, amene adziwa zimene munthu adachita ndi zimene akadatha kuchita. Ife tiwapempherere kuti awalandire mwa chifundo chake, ndipo tisaiwale kupemphereranso anthu aja a maina osadziwika amene adavutika ndi kufera m'mafakitale a nkhondo. Mizimu yao iuse mu mtendere.